Galimoto Yodulidwa Msana

"Tulukani pansi apo, alamu! Anthu odutsa mumsewu akuona miyendo ya mkazi wa kwa a Harawa ili pambalambanda."

Lettie anamva mawuwo ali chagada pansi pa galimoto, sipanala ili m'manja, oilo wakuda akudonthera m'chitini. Chitenje chinali chitamufika mu akakolo, ndipo ankadziwa kuti palibe chimene munthu akanaona. Anamanga kaye nati yotsekera oilo, n'kudzikoka pang'onopang'ono pa chiguduli chimene anagonapo. A Hezron, akulu ake a mwamuna wake, anali ataima potero atavala jekete ya kutchalitchi ngakhale linali Loweruka. Mwamuna wake Greyson anali pakhonde, akupotokola wailesi ngati nkhaniyo sikumukhudza.

"Mwawuka uli, alamu?" anatero Lettie m'Chitumbuka atapinda maondo.

"Tadzuka. Greyson, nkhani ija wawauza?"

"Ndimati ndiwauze madzulo, akulu."

"Madzulo ake ati? Ndinena ndine." A Hezron analoza kumsewu ndi ambulera. "Usipa wachuluka chomene chaka chino. Madengu akuolera pasiteji. Kondakitala akangomva fungo la nsomba akuti basi yadzaza. Pamenepo galimoto ili pano, ikungopukutidwa m'mawa uliwonse ngati khanda. Tagwirizana kuti ipite kwa wowotcherera ku Chiweta. Adule kumbuyoku, achotse mpando, akhome matabwa. Izinyamula nsomba kupita ku Rumphi ndi ku Mzuzu. Sukulu zili pa tchuthi, mphunzitsiyu aziyendetsa."

"Mwagwirizana ndi yani?"

"Ndi mwini wake."

Lettie anapukuta manja ndi kansanza, n'kuyang'ana mwamuna wake. Greyson anali akufunafunabe siteshoni.

"Alamu, galimoto iyi ndinagula ndine. Ndakhala ndikudzimana kuyambira chaka chimene ndinayamba unamwino. Bambo a Judy akudziwa."

"Yayi, NyaMbewe," anatero a Hezron pomutchula Lettie ndi mfunda wake, "musakweze mawu. M'buku la galimoto mwalembedwa dzina la yani?"

Tsiku lokasintha dzina ku Mzuzu Lettie anali ndi mayi wovutika pobereka, ndiye anatuma Greyson ndi mapepala. Pobwera, bukulo linali ndi dzina la G. Harawa. Greyson anati kalaliki ndiye anafulumira kulemba, komanso mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi. Tsiku limenelo Lettie anangoseka.

"Ngakhale mukanalembedwa dzina lanu," a Hezron anapitiriza, "inuyo ndinu a yani? Ng'ombe za malowolo zinatuluka m'khola la adada ku Mhuju. Ukagula nkhuku, mazira ake sabwerera kumene inachokera. Mutu umodzi susenza denga, alamu. Tikufuna tonse tidye."

"Denga lanulo mukufuna lisenzedwe ndi mutu wanga wokha."

"Greyson, ukumva mmene akuyankhira? Ndi zimenezi mkazi akayamba kugwira sipanala."

Anatembenuka n'kumapita, osatsanzika.

Galimotoyo inali yaing'ono, ya zitseko ziwiri, yobiriwira mofwifwa, ndipo inali itayenda zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Lettie anaigula kwa sisitala wachizungu amene ankagwira naye ntchito pa kachipatala ka mishoni pafupi ndi Chitimba, pamene mayiyo ankabwerera kwawo. Anamusiyira thumba la masipanala ndi buku la zithunzi za injini, lodetsedwa ndi zala zamafuta. A Overton, dalaivala wa lole ya mishoni, anamuphunzitsa kuyendetsa pa bwalo la mpira, kenako kutsuka mapulagi ndi kuchotsa mpweya m'mabuleki. Zina anaziphunzira yekha, buku lili pa boneti atalitsindira ndi mwala. Anamatitsa rediyeta imene inkadontha, anasintha lamba wa fani, anasokera mipando nsalu yatsopano, anaika kalilole wachiwiri kumanzere. Tsiku limene injini inasiya kutsokomola, Lettie anakhala pa chiongolero yekha n'kumangomvetsera ikulira. Cholinga chake chinali choti pa Khirisimasi akwezemo ana ake awiri, Judy ndi Nelly, akaone mayi ake ku Ntchisi. Nelly anali ndi zaka zinayi, koma agogo akewo anali asanamuonepo.

Lamulungu atachoka ku tchalitchi, ana atapita kukasewera, Lettie anakhala pansi pafupi ndi mpando wa mwamuna wake.

"Bambo a Judy, dzulo pakamwa panu panali chiyani?"

"Mumafuna ndiwatukwane akulu anga?"

"Ndimafuna mungonena zoona."

"Zoona zake ndi izi," anatero Greyson akuyang'ana zikhadabo zake. "Ndili ku sekondale, adada atadwala, akulu anagona panyanja miyezi ndi miyezi kuti ine ndisachoke sukulu. Choko chimene ndimagwirachi ndi thukuta lawo. Lero apempha chinthu chimodzi, ndinene kuti ayi? Chibale ndi fupa, mayi a Judy, sichiola."

"Abwezereni ndi zanu. Wailesi iyo ndi yanu, njinga ndi yanu. N'chifukwa chiyani mukuthokozera ndi mbuzi ya eni?"

"Mukuti ya eni? Ine ndi inu ndife anthu awiri tsopano?"

"Pa dzina la m'buku tinali thupi limodzi. Pogwirizana zodula galimoto simunandiitane."

Greyson anadzuka, natenga chipewa. "Mukulankhula ngati kwanu, kumene mwamuna amakhala mlendo pamudzi. Kuno n'kwina."

M'mawa mwake Lettie anawapeza a Overton akuthira madzi mu lole, nawafotokozera. Bambowo anaika chidebe pansi.

"Adule denga? Amama, lole iyi ili ndi zitsulo ziwiri zazikulu pansi, ndizo zimasenza katundu. Kagalimoto kanu kalibe zimenezo. Msana wake ndi denga lomwelo ndi mbali zake. Akadula, katsala ndi mimba yokha. Kayenda ndithu, tsiku loyamba, lachiwiri. Koma chitunda cha Chiweta sichinamizidwa."

"Mungakawauze a Hezron zimenezi?"

A Overton anakanda m'mutu. "A Hezron ndi mkulu wa mpingo, ndipo amadya ndi akuluakulu a chipani. Ine ndili ndi ana asanu ndi mmodzi. Ndakuuzani inu, basi."

Lachitatu Lettie ananyamuka ndi anzake kukachita sikelo ya ana ku midzi ya kumapiri, kumene kulibe msewu. Kiyi anaiika m'thumba la yunifolomu. Anaiwala kuti sisitala uja anasiya makiyi awiri, ndipo inayo inali m'kabati ya Greyson.

Atabwerera Loweruka masana, miyendo itatupa, anaona anthu atazungulira chinthu pabwalo pake. Judy anamuthamangira.

"Amayi, galimoto yathu aimeta!"

Kuyambira kuseri kwa mipando yakutsogolo, denga kunalibe. Pamene anadula panali mabala akuda a moto, utoto utapsa n'kufutukuka. Kumbuyo anakhomako matabwa a mlombwa ndi mipanda ya mapaipi, ndipo pansi anawotchererapo masipuling'i a galimoto ina yaikulu, moti matako ake anali m'mwamba ngati nkhuku yojompha chimanga. Pa chitseko panali zilembo zoyera, zonyowabe: HARAWA NDI ABALE. Mpando wakumbuyo, ndi nsalu imene Lettie anasoka, unali pakhonde, mlendo wina atakhalapo akudya nzimbe.

Lettie sanalire. Anagwada n'kusuzumira pansi. Anayendetsa chala pa mzere wowotcherera, ndipo dzimbiri linagwa ngati gaga. Anadikira anthu abalalike, natsegula boneti, nachotsa kachipangizo kakang'ono ngati chala cha mwana, kamene kamagawa moto ku mapulagi. Amakaniko amati rota. Anakamanga pa nsonga ya chitenje.

Lolemba m'mawa madengu a usipa anali atapakiridwa kale. Greyson anapotokola kiyi mpaka batire inatha mphamvu. Anthu anakankha kuchokera pabwalo mpaka pasiteji, n'kubwereranso, koma injini inangoti zii. Dzuwa litakwera, Greyson anabwera kuchipatala thukuta lili kamukamu, n'kumuuza kuti akulu akumufuna.

Kunyumba kwa a Hezron anamukhazika pamphasa. Amuna awiriwo anali pamipando. A Isabella, akazi awo a Hezron, anali chapatali akutembenuza usipa pa thandala.

"Wowotcherera wabwera, waona," anatero a Hezron. "Akuti chipangizo chachotsedwa ndi munthu wodziwa. Pano wodziwa ndi mmodzi."

"Ndachotsa ndine, alamu. Galimoto ija mwaidula msana. Mukaisenzetsa katundu idzathyoka pakati, ndipo idzapha anthu. Ndibwino mundide muli amoyo."

"Mwamva? Ayamba kutilosera imfa."

"Sindikulosera. Ndasuzumira pansi, ndaona."

"Mwaona ndi maso a nsanje. NyaMbewe, ine sindikonda mawu ambiri. Ngati mwatopa ndi banja la a Harawa, msewu wa ku Ntchisi suli wotseka. Basi imadutsa tsiku lililonse. Koma mudzakwera ndi sutikesi yanu yokha. Kwanu ana amatsata mayi. Kuno ana amatsata ng'ombe. Judy ndi Nelly adzapita ku Mhuju kwa agogo awo, ndipo palibe bwalo limene lingakumvereni."

Lettie anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a Judy, mawu amenewa ndi anunso?"

Greyson anakhosomola. "Ingoperekani chipangizocho, zithe. Nsomba zikuonongeka."

"Ndafunsa za ana."

"Mwambo sindinaupange ndine."

Lettie anakumbukira mayi wina wa ku Dowa amene anabwera kuchipatala chaka chathacho, atayenda masiku awiri kuti angoona mwana wake pa mzere wa sikelo, n'kubwerera osamunyamula. Anamasula nsonga ya chitenje, naika rota ija pamphasa.

"Yewo," anatero a Hezron. "Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Mwachita bwino kumva."

Akutuluka, a Isabella anamutsatira mpaka kuseri kwa khitchini, namugwira dzanja.

"NyaMbewe, musandiyese mdani. Khosi langali latha ndi madengu. Chaka chatha ndinagona masiku atatu pasiteji, nsomba zonse ndinakataya kudzala. Nditamva za galimoto ndinakondwa, sindikubisirani. Sindinadziwe kuti akulandani chonchi."

"Musakwere kumbuyo, akulu. Ngati akukakamizani kupita, khalani kutsogolo."

A Isabella anaseka mowawa. "Kutsogolo kuli mipando iwiri, ndipo amuna ndi awiri. Ine ndi usipa malo athu ndi amodzi."

Ulendo woyamba anapita n'kubwera bwino. Wachiwiri chimodzimodzi. Pobwerera ankanyamula matumba a chimanga ndi anthu a matola, ndipo a Hezron ankaliza hutala okha kuyambira pa mlatho mpaka pakhomo. Anagula nsapato zatsopano. Amayi a kumpingo anayamba kumuuza Lettie kuti aziyamika Mulungu pokhala ndi mlamu wanzeru. M'mawa uliwonse, anthu asanadzuke, iye ankasuzumirabe pansi pa galimotoyo. Mng'alu umene unali ngati ulusi sabata yoyamba unafika polowa chikhadabo, kenako polowa nsonga ya sikuludiraiva. Anamuonetsa Greyson.

"Ndiwauza akulu," anatero.

"Liti?"

"Tikabwera ulendo uno."

Lachisanu la sabata yachitatu, cha m'ma fili koloko masana, lole ya malasha inaima pachipata cha chipatala ikuliza hutala mosalekeza. Lettie anatuluka akuthamanga. Woyamba kutsika anali a Hezron, jekete itang'ambika paphewa, koma akuyenda bwinobwino. Greyson anatsika atagwira mphumi, magazi akudutsa m'zala. Mkulu wina wa matola anali atanyamula mkono wake ngati mwana. Pamwamba pa malasha panali a Isabella, atawagoneka pa thabwa limodzi la mlombwa, nkhope ili mbuu.

"Galimoto yawo yathyoka pakati, pa khona lachitatu potsika," anatero dalaivala wa loleyo. "Kutsogolo kwapita kokha, kumbuyo kwakhala pansi. Mayiwa anali pamwamba pa matumba, aponyedwa pa miyala."

Lettie anawatsina chala chakuphazi. "Akulu, mukumva?"

"Mukundigwira pati?"

Anawatsina pa bondo, kenako pa ntchafu. A Isabella ankangomuyang'ana m'maso, kudikira. Lettie analamula kuti asawachotse pa thabwalo, nawamanga ndi zitenje zitatu kuti asagwedezeke, n'kutuma munthu kwa a Overton kuti abweretse lole ya mishoni iwatengere ku chipatala chachikulu. Powakweza, a Isabella anamukoka pafupi.

"Ndinaimva ikulira pansi panga kuyambira ku Phwezi," ananong'ona. "Ndinamenya pa galasi kuti aime. Anati tichedwa."

Lole itanyamuka, Lettie anasoka chilonda cha Greyson.

M'mawa mwake kunabwera wapolisi wa mizere itatu paphewa, ndi kabuku. Anakhala pa benchi ya pakhonde la chipatala, naitana onse atatu.

"Galimoto yodulidwa popanda chilolezo, yonyamula anthu popanda chilolezo, dalaivala wopanda laisensi, ndipo munthu mwina sadzayendanso," anatero. "Ndikufuna mwini wake. Bambo, pa chitseko palembedwa Harawa ndi abale. Ndinu?"

"Ine, bwana, ndinangokwera," anatero a Hezron. "Ndine munthu wa nsomba, za galimoto sindizidziwa. Mufunse aliyense pa Chitimba pano akuuzani kuti galimoto ija ndi ya anamwinowa. Anagula okha, amakonza okha, tsiku lililonse amakhala pansi pake ndi sipanala. Dzulo lomweli m'mawa anthu anawaona akugwiragwira pansi. Ndipo analosera okha kuti idzapha anthu. Ankadziwa bwanji?"

Wapolisiyo analemba, natembenukira kwa Greyson. "Aphunzitsi?"

Greyson anagwira bandeji ya pamphumi. Maso ake anapita kwa akulu ake, kenako pansi.

"Ndi ya mkazi wanga, bwana."

Kuyambira tsiku lokasintha dzina lija Lettie anadikira kumva mawu amenewo pakamwa pa mwamuna wake. Atawamva anazizidwa ngati wathiridwa madzi a mumtsuko.

"Mayi, ndi zoona? Galimoto ili pa chitunda ija ndi yanu?"

"Ine ndinali ndi galimoto, bwana," anatero Lettie mosakweza mawu. "Inali ndi denga ndi mipando inayi. Inachoka pakhomo panga ine ndili kumapiri, ndipo sinabwerenso. Ili pa chitundayo sindinaiyendetsepo. Wowotcherera ali pa Chiweta, akuuzani amene anamupititsira ndi amene anaima pambali akuloza podula. Buku lake lili m'kabati kunyumba. Muwerenge nokha dzina."

"Mayi a Judy!" anatero Greyson.

"Pepani, bambo a Judy. Kalaliki uja anafulumira kulemba."

Buku litabwera, wapolisiyo anatenga Greyson. Anauza a Hezron kuti asachoke pamudzi, adzawaitana akalankhula ndi wowotcherera. Galimoto ya apolisi itanyamuka, a Hezron anayandikira Lettie mpaka anamva fungo la mpweya wawo.

"Mwagulitsa mwamuna wanu. Mwalumalitsa mkazi wanga ndi chitsulo chanu chaminyama. M'banja la a Harawa simugonamonso. Lero ndikupita kukaona wodwala. Mawa tikatuluka m'tchalitchi ndikubwera kudzatenga ana a m'bale wanga."

Lettie anawayang'ana akupita ndi nsapato zawo zatsopano. Analowa m'chipinda cha mankhwala, nalemba kakalata ka mizere itatu kwa mkulu wa chipatala, naika makiyi a kabati pamwamba pake. Mayi wina woyembekezera anamuitana ali pa bedi.

"Anesi, mubweranso? Ndikumva ngati ndi lero."

"Anzanga alipo, akuthandizani," anatero Lettie, osacheuka, chifukwa akanacheuka sakanapita.

Kunyumba anaika zovala za ana m'sutikesi imodzi, ziphaso zake za unamwino, makadi a sikelo, ndi khadi la chipani kuti asawatsitse panjira. Mbale, mabulangete ndi makina osokera anazisiya. Anauza mnansi kuti akupita ndi ana kukaona bambo awo ku polisi. Basi yochokera ku Karonga inafika dzuwa lili paliwombo, ndipo anapeza malo kumbuyo kwenikweni, Nelly pamiyendo, Judy pawindo.

Atadutsa Chiweta basi inayamba kukwera chitunda ikubuula, utsi ukulowera m'mawindo. Pa khona lina dalaivala anachepetsa liwiro, ndipo anthu onse anakhamukira mbali imodzi kuti aone. Chimanga chinali mbwee mumsewu, anyani akutola. Mbali yakutsogolo inali itatsamira pa thanthwe, boneti ili yasa. Amuna awiri anali atachotsa kale matayala atatu, ndipo wina anali akuzula batire.

"Eni ake anapulumuka?" anafunsa mayi amene anakhala pafupi ndi Lettie.

"Akuti inali ya nesi wina wa ku Chitimba," anayankha bambo wa kutsogolo. "Dyera. Malipiro ake osamukwana, mpaka kudula galimoto kuti azichita matola."

"Akazi a masiku ano," anatero mayi uja.

Judy anali atakanikiza mphuno pa galasi.

"Amayi, si galimoto yathu iyo? Akuba matayala! Amayi, auzeni asiye!"

Mayi uja anatembenuka n'kumuyang'ana Lettie kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Lettie anakoka mwanayo pa diresi.

"Khala pansi, Judy. Ulendo ndi wautali."